Nyumba Siigulidwa Powerenga Zipinda

Amayi anzanga a m'tauni ndi a kumudzi, sabata ino ndafuna kuti tikambirane nkhani imene ambiri a ife timaisiya m'manja mwa abambo, nkhani ya mtengo wa nyumba. Timaisiya chifukwa tidauzidwa kuti ili ndi masamu ovuta. Komatu pa nkhani yogula zinthu, ndani angatipose ife? Mukalowa m'sitolo kukagula nsalu simulola kuti akudulireni asanayeze, ndipo mumayamba mwafunsa mtengo wa mita imodzi. Pamsika mumaitembenuza mbale yoyezera nyemba kuti muone ngati siidaphwanyidwe kunsi. Ndowa ya chimanga mumaidziwa ndi maso okha kuti iyi njoperewera.

Nanga bwanji pa nyumba, chinthu chimene chimameza penshoni yonse ya bambo a ana, ndalama za fodya za zaka zingapo, ndi zonse zimene inu mudasunga ku banki mkhonde, timangomva kuti ili ndi zipinda zogona zitatu, balaza ndi khitchini, basi ife n'kukhutira? Chipinda si muyeso ayi. Chilipo chipinda chimene mukaikamo bedi chitseko sichitsegukanso bwino. Chilipo china cholowa mabedi awiri ndi kabati, malo oyala mphasa ya alendo n'kutsalako. Zonse ziwirizi wogulitsa amazitcha dzina limodzi, ndipo amafuna kuti muzilipire mofanana.

Muyeso weniweni wa nyumba ndi sikweya mita. Dzinali lisakuopseni. Jambulani pansi malo a mbali zinayi zofanana, mita imodzi m'litali, mita imodzi m'lifupi: imeneyo ndiyo sikweya mita imodzi. Chitenje chanu cha mamita awiri mukachiyala pansi chimaphimba masikweya mita awiri ndi pang'ono. Tsono funso limene tiyenera kumafunsa ndi ili: kodi nyumba iyi ili ndi masikweya mita angati, ndipo iliyonse ndikuigula ndalama zingati?

Kuyeza kwake nkwapafupi. Bwerekani tepi kwa mmisiri womanga nyumba kapena kwa kalipentala. Ngati palibe, tengani chingwe chosatamuka, muchimange mfundo pa mita iliyonse pogwiritsa ntchito tepi ya telala. Mukhale awiri, wina agwire uku wina uko. Yezani khoma lalitali, yezaninso lalifupi, kenaka muchulukitse manambala awiriwo. Nyumba ya mamita 10 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi ili ndi masikweya mita 80. Ngati nyumbayo ili ndi mbali yotulukira pena, iduleni m'maganizo kukhala zigawo ziwiri, muyeze chilichonse pachokha, muphatikize. Khonde, galaja ndi kanyumba ka kuseri muzilembe padera, chifukwa khonde lopanda makoma silidadye njerwa ndi simenti ngati chipinda. Mukatero tengani mtengo umene akutchula, muugawe ndi masikweya mita mwapezawo. Ife amene tidalekezera ku pulayimale masamu amenewa tidawaphunzira, ndipo lero foni iliyonse, ngakhale ya mabatani, ili ndi powerengera.

Tiyerekeze kuti mwapeza nyumba ziwiri m'dera limodzi, zonse za zipinda zogona zitatu, za njerwa zootcha ndi malata. Manambala awa ndangowaika kuti masamu aoneke bwino. Yoyamba ndi ija ya mamita 10 kwa 8, ndipo mwini wake akufuna K40 miliyoni. Yachiwiri ndi ya mamita 12 kwa 10, kutanthauza masikweya mita 120, ndipo akuti K54 miliyoni. Munthu wongomva ndi makutu adzathamangira yoyamba poti njotsika ndi K14 miliyoni. Koma gawani: yoyamba ikubwera K500,000 pa sikweya mita, pamene yachiwiri ikubwera K450,000. Imene imaoneka yodula ija ndiyo ikukupatsani malo ambiri pa kwacha yanu. Sindikunena kuti mugule nyumba imene thumba lanu silingathe. Ndikunena kuti mukakhala pansi ndi mwini nyumba yoyambayo, muli ndi mau ogwirika oti mumuuze, osati kungodandaula kuti tachepetsaniko bambo.

Pano pali chinthu china chimene ndikufuna muchimvetse bwino, chifukwa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mtengo wa nyumba uli ndi zinthu ziwiri m'kati mwake: mtengo wa malo ndi mtengo wa chomangidwacho. Tiyerekezenso kuti nyumba ziwiri zija zili pa mapoloti ofanana, ndipo poloti yopanda kanthu ya kukula komweko m'deralo ikugulidwa K12 miliyoni. Chotsani ndalama imeneyo pa nyumba iliyonse. Yoyamba itsala ndi K28 miliyoni, yachiwiri K42 miliyoni. Gawaninso ndi kukula kwake. Mupeza kuti zonse ziwiri zikubwera K350,000 pa sikweya mita, ndendende. Mwaona? Nyumba yaing'ono imaoneka yodula pa sikweya mita chifukwa mtengo wa malo ukusenzedwa ndi mamita ochepa, monga mmene mtengo wa ngolo yahayala umawawira anthu awiri kuposa anthu asanu. Choncho mwini nyumba yoyamba uja sadakubereni. Koma poloti yake ikadakhala theka la inzake, pamenepo ndiye mukadayenera kufunsa mafunso. N'chifukwa chake muyenera kuyeza ziwiri, nyumba ndi malo ake, ndi kulemba manambala onse awiri.

Mukapatula mtengo wa malo chotere, pitani kwa mmisiri wodalirika, makamaka amene alibe ubale ndi wogulitsa, mumufunse kuti kumanga nyumba ya mtundu womwewo lero kungadye zingati, kuyambira pa maziko mpaka pa utoto. Gawaninso ndi masikweya mita. Ngati nyumba yakale ya zaka makumi awiri, yofuna malata atsopano, akuigulitsa pa mtengo woposa womangira yatsopano, wogulitsayo afotokoze chimene mukulipira.

Chenjerani ndi mayezedwe. Ena amayeza kunja kwa makoma, ena m'kati. Kusiyana kwake si kwamasewera. Khoma la njerwa ziwiri m'lifupi limakhala ngati masentimita 23. Pa nyumba ya mamita 10 kwa 8, makoma akunja okha amadya pafupifupi masikweya mita 8, kumene kuli kukula kwa kachipinda ka mwana. Palibe cholakwa ndi njira iliyonse, bola nyumba zonse zimene mukuyerekeza muziyeze mwa njira imodzi. Amisiri athu ambiri akuwerengabe mafiti, monga momwe malata timawagulira kuti a mafiti 10 kapena 12. Mita imodzi ndi mafiti atatu ndi mainchesi atatu ndi pang'ono, ndipo sikweya mita imodzi ili ndi masikweya fiti pafupifupi 11. Wina akakuuzani kuti nyumba yake ndi ya 900, mufunseni kuti 900 chiyani. Ngati ndi mafiti, nyumbayo ndi ya masikweya mita 84 basi.

Pa mapoloti pali msampha umene ndauona ukukola anthu ophunzira ndithu. Wogulitsa amati poloti ya mamita 30 kwa 30 ndi mtengo wakuti, ndipo ya 15 kwa 15 akupatsani pa theka la mtengowo. Zimamveka zachilungamo, poti 15 ndi theka la 30. Koma chulukitsani. Yoyamba ili ndi masikweya mita 900, yachiwiri 225 okha. Mu poloti yaikuluyo mungatuluke tating'ono tinayi, osati tiwiri. Amene walipira theka wagula malo pa mtengo wowirikiza kawiri. Inu a kumudzi amene mudazolowera maekala, sungani izi: ekala imodzi ndi masikweya mita 4,047, hekitala ndi 10,000. Munthu wa m'tauni akabwera kudzagula ekala ya munda wanu pafupi ndi msewu, dziwani kuti m'mutu mwake akuona mapoloti asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu a mamita 15 kwa 30, atasiyako njira, ndipo adzagulitsa iliyonse payokha.

Tsono tibwere pa malo. Mukamva munthu akunena kuti nyumba mu Lilongwe zikugulidwa mwakuti pa sikweya mita, musamutengere. Lilongwe si mudzi umodzi. Likulu la dziko litasamuka ku Zomba mu 1975, mzindawu udali waung'ono. Pa kalembera wa 1977 anthu ake sadafike 100,000, koma pa kalembera wa 2018 adatsala pang'ono kukwana miliyoni imodzi. Anthu achuluka, nthaka siidachuluke, ndipo malo amene ali ndi msewu wa phula, madzi a m'mipope, magetsi ndi mapepala oyenera ndi ochepa. Area 47 ndi Mtandire zangolekanitsidwa ndi mtsinje wa Lingadzi, munthu atha kuima tsidya lino n'kuitana mnzake tsidya linalo, koma mitengo yake njotalikirana ngati kumwamba ndi pansi. Ku Blantyre nakonso Nyambadwe ndi Ndirande n'zoyandikana. Thumba la simenti silisintha mtengo poti lawoloka mtsinje. Chimene chasintha ndi malo: kukula kwa poloti, msewu, ngalande, chitetezo ndi pepala.

Choncho yerekezani nyumba ndi zinzake za pafupi, za mtundu umodzi. Ya ku Area 25 iyerekezeni ndi za ku Area 25, ya ku Chilomoni ndi za ku Chilomoni, ya pa Mponela kapena pa Lunzu ndi za pomwepo. Ya zidina musaiike pa sikelo imodzi ndi ya njerwa zootcha kapena ya mabuloko a simenti. Funafunani nyumba zisanu kapena zisanu ndi ziwiri zimene zagulitsidwa posachedwa, mupeze mtengo wa sikweya mita wa iliyonse, muindandalike kuyambira wotsika mpaka wokwera, ndipo mutenge umene uli pakati. Wa pakatiwo ndiwo ukuuzeni zoona, chifukwa pamwamba pamakhala nyumba imene adagula munthu wa ndalama zotentha m'thumba, ndipo pansi pamakhala ya munthu amene adagulitsa mothamanga kaamba ka ngongole kapena matenda.

Muona kuti ndanena nyumba zimene zagulitsidwa, osati zimene zikutsatsidwa. Mtengo wolembedwa pa chikwangwani, kapena umene maejenti amaika pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndi chikhumbo cha mwini wake, nthawi zina ataonjezerapo gawo la ejentiyo. Mtengo weniweni ndi umene udaperekedwa pamanja. Umenewo suulembedwa poyera, koma ife amayi tili ndi njira zathu zoudziwira. Kumpingo, kuchigayo, kumaliro, pa tsiku la banki mkhonde, nkhani zotere zimamveka. M'magulu athu ndimawalimbikitsa amayi kukhala ndi kope limodzi lolembamo za nyumba ndi mapoloti a m'dera lawo: mwezi ndi chaka chimene chidagulitsidwa, kukula kwake, zomangira zake, mtengo wake, popanda kulemba maina a eni ake. Kope lotere likakwana chaka limaposa mau a ejenti aliyense.

Chakacho musachiiwale polemba. Mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 iliyonse, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 pa 100, kotero kuti dola imodzi ku banki idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Malata, zitsulo, utoto, magalasi ndi mawaya a magetsi, zambiri mwa izi zimachokera kunja kapena zimapangidwa ndi zipangizo za kunja, ndipo zidakwera. Motero mtengo umene alamu anu adagulira nyumba mu 2021 sungakuthandizeni lero, pogula ngakhale pogulitsa. Yerekezani ndi za miyezi yochepa yapitayo.

Ndiyenera kunenanso kuti sikweya mita ili ndi malire ake. Imakuuzani kukula, siikuuzani za umoyo wa nyumba. Akulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nyumba yopakidwa utoto dzulo muiyang'ane kawiri. Kandani pang'ono pamene pulasitala wachoka, muone ngati njerwa adazimanga ndi simenti kapena ndi matope. Yang'anani m'munsi mwa makoma ngati muli mzere wa chinyezi, pamwamba pa mazenera ngati pali ming'alu, ndipo wina akwere aone mitengo ya denga ngati chiswe sichidaidye. Funsani ngati mita ya magetsi ndi ya madzi ndi za nyumba yomweyo kapena nzokokera kwa oyandikana nawo, ndiponso ngati zilibe ngongole. Chimbudzi chokumba chimene chatsala pang'ono kudzaza, pa poloti yopanda malo okumbapo china, ndi ndalama imene ikukudikirani. Zonsezi muziike mtengo, muziphatikize pa mtengo wogulira, kenaka mugawenso.

Ngati mungathe, kaoneni nyumba m'dzinja mvula itagwa, kapena funsani amayi a pafupi kumene madzi amadzera. Mtengo ukatsika kwambiri kusiyana ndi nyumba zinzake, pali chifukwa. Tonse tikukumbukira Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy adagumula matope ndi miyala m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe. Ambiri mwa amene adamanga m'mphepete mwa phirilo sadali anthu osaganiza. Adapita kumene ndalama zawo zidawafikitsa. Koma inu amene mukusankha lero, malo a m'khwawa, m'dambo, m'mbali mwa mtsinje kapena pa phiri lotsetsereka musawawerengere ngati mwayi poti sikweya mita yake njotsika.

Chimene chimasiyanitsa mitengo koposa zonse ndi pepala. Nyumba ziwiri zofanana ngati mapasa, ina ili ndi chikalata cha lizi cholembetsedwa ku boma, ina ili ndi kalata ya pamanja yosainidwa ndi mfumu ya m'deralo ndi mboni ziwiri, sizingagulidwe mofanana. Yoyambayo banki itha kuilandira ngati chikole, ndipo mwini wake amadziwika m'kaundula. Yachiwiriyo mawa atha kutulukira wina wonena kuti malowo adagula ndi iye kale, kapena kuti ndi a malemu bambo ake. Musanapereke ngakhale tambala, funsani kuti malowo ndi a yani: a Unduna wa za Malo, a khonsolo ya mzinda, a bungwe la Malawi Housing Corporation lija lidakhazikitsidwa mu 1964, kapena ndi a makolo. Ngati pali lizi, onani zaka zimene zatsala, poti malizi ambiri a nyumba zogonamo amakhala a zaka 99, ndipo pitani ku ofesi ya za malo mukafufuze ngati dzina lili m'kaundula ndi la amene akugulitsayo, ndiponso ngati nyumbayo siidaikidwe chikole. Ku khonsolo funsani ngati ilibe ngongole ya msonkho wa nyumba. Safunsa adadya phula. Pa nyumba ya ndalama zambiri, kulipira katswiri wovomerezeka woyesa mitengo ya nyumba si kutaya ndalama. Mabanki nawo sakongoza asanatume wotero.

Pa pepala lomwelo, amayi, onetsetsani kuti dzina lanu lilipo. Malamulo aakulu a dziko lino a mu 1994 amapatsa mkazi ufulu wokhala ndi katundu, payekha kapena pamodzi ndi ena, kaya ndi wokwatiwa kaya ayi. Ngati mandazi anu, nkhuku zanu ndi masheya anu a ku banki mkhonde zalowa m'makoma amenewo, kupempha kuti maina onse awiri alembedwe si mwano kwa bambo. Bambo wokonda ana ake adzamvetsa, mukamufotokozera modekha pa nthawi yabwino.

Kwa inu a kumudzi, nyumba yomangidwa pa malo a makolo, kaya muli pa chikamwini kaya pa chitengwa, kawirikawiri siigulitsidwa kwa mlendo, choncho ilibe mtengo wa pamsika ngati ya m'tauni. Komabe sikweya mita ikuthandizani pomanga. Mmisiri akatchula mtengo wa ntchito yake, gawani ndi kukula kwa nyumbayo, muyerekeze ndi zimene anzanu adalipira. Mudzaonanso msanga kuti kuonjezera mita imodzi m'lifupi mwa nyumba ya mamita 10 ndiko kuonjezera masikweya mita 10 a njerwa, simenti ndi malata, ndipo nyumba zambiri zimene zaima pa zenera zaka ndi zaka zidayamba ndi mau akuti tangokuzaniko pang'ono. Dziwaninso kuti lamulo la malo a makolo la mu 2016 lidatsegula njira yolembetsera malo otere, ndipo lidalamula kuti mwa anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa m'komiti ya malo ya kwa gulupu, osachepera atatu akhale amayi. Komiti yotere ikamasankhidwa kwanuko, musakhale kumbuyo.

Ndisaiwale amayi amasiye. Ogula ena amanunkhiza maliro ngati afisi. Sadaka isanachitike afika kale ndi ndalama m'chikwama, akudziwa kuti muli ndi fizi ya ana ndi ngongole ya bokosi. Ena mwa achibale nawo amakakamiza kuti nyumba igulitsidwe msanga agawane. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limateteza mkazi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa malemu ndi mlandu. Nyumba ya malemu siigulitsidwa ndi aliyense amene wangofuna, koma ndi amene wapatsidwa mphamvu yoyendetsa chumacho mwa lamulo. Ofesi ya bwanamkubwa wa boma lanu idzakuuzani poyambira. Ngati pamapeto pake mwaganiza nokha kuti mugulitse, yezani nyumba, yezani poloti, funsani mitengo ya zinzake zisanu, ndipo mtengo muyambe kutchula ndinu.

Poyesera, yambani ndi nyumba imene mukugonamo usiku uno. Itanani mwana wa Sitandade 7 agwire mbali ina ya tepi, mulembe m'litali ndi m'lifupi kuseri kwa kope lake. Ngati mukuchita lendi, gawani ndalama ya pamwezi ndi masikweya mita amenewo, ndipo mukakumana ndi anzanu a m'gulu sabata ya mawa muyerekeze zimene aliyense wapeza.